Kodi Kabokosi ka Intaneti M'nyumba Mwanu Kamafunsa Njira kwa Yani?

Mlendo akatsika minibasi pa Mangochi boma kapena pa Nkhotakota, nafuna kukafika kwa munthu amene akumudziwa dzina lokha, sangonyamuka n'kumayenda chiyendeyende. Amaima kaye n'kufunsa wakabaza kapena mayi wogulitsa mandasi kuti, "Pepani, kodi kwa a Uje n'kuti?" Akafunsa munthu wokhulupirika amafika dzuwa lisanalowe. Akafunsa kamberembere, akhoza kumulozera kanjira ka kuthengo kumene anzake akumudikirira ndi zibonga. Koma akapeza munthu wamkulu woudziwa bwino mudziwo, mwina amuuza kuti, "Mwanawe, kumeneko usapiteko, kulibe zabwino."

Zimene amachita mlendoyu ndi zomwenso imachita foni ya mwana wanu nthawi iliyonse akatsegula intaneti. Kusiyana kwake n'kwakuti foni imafunsa kambirimbiri patsiku, mwakachetechete, ndipo ambirife sitinayambe tadzifunsapo kuti amene akuiyankhayo ndani. Nkhani yathu ulendo uno ili pa funso limeneli, pakuti kholo lili ndi mphamvu yosankha woyankhayo, ndipo kutero sikulira ngakhale tambala imodzi.

M'mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja masiku ano muli kabokosi kothwanima timagetsi, kamene ena amati rauta, ena amati MiFi. Kwina anachita kutumiza ndi bambo kapena achimwene amene ali ku Joni, kwina tinagula tokha kusitolo ya kampani ya mafoni. Tikakagula timaikamo simu khadi, timalowetsa bandulo, ana amaloweza mawu achinsinsi a Wi-Fi tsiku lomwelo, basi nkhani yathera pomwepo. M'kati mwake sitilowamo. Chonsecho m'katimo muli malo awiri ang'onoang'ono olembedwa kuti DNS, amene ndiwo amauza mafoni onse a m'nyumbamo kumene azikafunsa njira.

Dzina ndi la anthu, nambala ndi ya makina

Makina a pa intaneti sadziwana ndi mayina. Aliyense ali ndi keyala yake ya manambala, kawirikawiri magulu anayi olekanitsidwa ndi timadontho, monga 192.168.1.1. Ife anthu sitingaloweze manambala otere, n'chifukwa chake timalemba dzina monga wikipedia.org. Tsono pafunika wina womasulira dzinalo kuti likhale nambala, monga momwe foni yanu imachitira mukadina dzina la alamu anu iyo n'kuimba nambala imene inu munaiwala kalekale.

Poyamba ntchito imeneyi inali ya ofesi imodzi. M'zaka za m'ma 1970, intaneti ili yakhanda ku America ndipo ikutchedwa ARPANET, mayina onse ankalembedwa m'kaundula mmodzi wotchedwa HOSTS.TXT. Ankamusunga ndi gulu lotsogozedwa ndi mayi Elizabeth Feinler ku Stanford Research Institute, m'chigawo cha California. Wofuna kulembetsa kompyuta yatsopano ankachita kuimba lamya ku ofesiyo nthawi ya ntchito, ndipo aliyense ankakopera kaundulayo kuti akhale naye. Makompyuta atafika mazanamazana, njira imeneyi inayamba kulemera. M'chaka cha 1983 katswiri wina, Paul Mockapetris, wa pa University of Southern California, anakonza dongosolo latsopano lotchedwa Domain Name System, mwachidule DNS, ndipo ndi lomweli likugwira ntchito mpaka lero.

Nzeru yake siyachilendo kwa munthu wokulira kumudzi. Mfumu yaikulu sidziwa khomo la munthu aliyense, koma imadziwa magulupu ake. Gulupu amadziwa anyakwawa ake, ndipo nyakwawa ndiyo imadziwa kuti nyumba ya a Uje ili paseli pa mtengo wa mango. Pa intaneti, pamwamba penipeni pali maseva a muzu amene ali ndi mayina 13, kuyambira A kufika M, ngakhale kuti makina enieni oyankha m'mayina amenewa ndi oposa chikwi, omwazikana dziko lonse lapansi. Iwo amangodziwa amene akusunga mayina othera ndi .com, .org, .za kapena .mw. Kuno kwathu, kaundula wa mayina othera ndi .mw wakhala zaka zambiri m'manja mwa bungwe la Malawi SDNP ku Blantyre. Kaundula wotere ndiye amalozera kwa mwini tsamba, amene amapereka nambala yeniyeniyo.

Foni yanu siyenda yokha ulendo wonsewu. Imatuma mthenga, ndiye kuti seva imene ntchito yake ndi kukafunsa m'malo mwanu n'kubwera ndi yankho. Mthengayo amasunga yankholo kwa kanthawi kuti wina akafunsanso dzina lomwelo asabwererenso kwa mfumu. Zonsezi zimatha munthu asanaphethire kawiri. Mukapanda kusankha mthenga, rauta imangotenga amene kampani yokugulitsani intaneti yaipatsa. Sitikunena kuti ameneyo ndi woipa ayi. Kawirikawiri amagwira bwino ntchito, ndipo ali pafupi. Kungoti ntchito yake ndi kuyankha chilichonse chimene wafunsidwa, posayang'ana kuti wofunsayo ndi bambo wa zaka 50 kapena mwana wa Sitandade 5.

Ambiri mwa ife tikukumbukira madzulo a pa 4 October 2021. Cha m'nthawi ya Magharibi, WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinangoti zii. Amayi amene ankadikira uthenga wochokera ku Johannesburg anazimitsa foni n'kuyatsanso, ena anathamangira kukagula mayunitsi poganiza kuti bandulo yatha. Vuto silinali la kuno. Akatswiri a kampani ya Facebook analakwitsa pokonza makina awo, ndipo maseva awo a DNS anasowa pa intaneti kwa maola pafupifupi 6. Nyumba inalipo, koma nyakwawa yolozera khomo inali itasowa. Tikutchula zimenezi kuti muone kukula kwa nkhani ya mayina, komanso kuti mudziwiretu kuti tsiku ngati limenelo kusintha DNS ya pa rauta yanu sikungathandize kanthu.

Akuba anaizindikira kale nkhaniyi

Ngati wolozera njira ali ndi mphamvu chotere, n'zosadabwitsa kuti mbava zimafuna kukhala pampando wake. Mu November 2011 apolisi a FBI a ku America, mogwirizana ndi a ku Estonia, anagwira anthu 6 a dzikolo amene anafalitsa pulogalamu yoipa yotchedwa DNSChanger. Pulogalamuyo inkalowa m'kompyuta n'kusintha manambala a DNS kuti makinawo azifunsa kwa maseva a akubawo. Inagwira makompyuta pafupifupi 4 miliyoni m'mayiko oposa 100, ndipo eni ake anapata ndalama zosachepera madola 14 miliyoni potembenuzira anthu ku masamba a malonda amene iwo ankalandirapo cholowa. Inkayesanso kulowa m'marauta a m'nyumba pogwiritsa ntchito mawu achinsinsi amene rauta imabwera nawo kuchokera kufakitale.

Zoopsa kuposa apa zinaoneka mu 2018, pamene ofufuza anatulukira chiwembu chotchedwa GhostDNS chimene chinalanda marauta oposa 100,000, ambiri mwa iwo a ku Brazil. Munthu ankalemba bwinobwino dzina la banki yake, osalakwitsa chilembo n'chimodzi chomwe, koma rauta inkamufikitsa pa tsamba lonamizira lofanana ndi la bankiyo, ndipo iye ankalembapo yekha nambala yake yachinsinsi. Foni inalibe vuto, kompyuta inalibe vuto. Wodwala anali kabokosi ka pakona kaja kamene palibe ankakaganizira.

Apa ndiye pali chinthu choyamba choti tichite, ngakhale amene sakufuna kusintha china chilichonse. Rauta ili ndi mawu achinsinsi awiri osiyana. Oyamba ndi a Wi-Fi, amene ana ndi anansi amawadziwa. Achiwiri ndi olowera m'kati mwa rauta momwemo, ndipo pa marauta ambiri, makamaka akale, mawuwo amangokhala admin. Amenewa asintheni lero, ndipo akhale odziwa bambo ndi mayi okha.

Kusankha mthenga wokana zoipa

Pali mabungwe amene amapereka maseva a DNS kwaulere kwa aliyense. Odziwika kwambiri ndi a Google, a nambala 8.8.8.8 ndi 8.8.4.4, amene anayamba mu December 2009. Nambala imeneyi inatchuka kwambiri mu March 2014 pamene boma la Turkey linatseka Twitter pogwiritsa ntchito DNS, anthu n'kuyamba kuilemba ndi penti m'makoma kuti anzawo adziwe kozembera. Kampani ya Cloudflare inatsegula 1.1.1.1 pa 1 April 2018. Koma onse awiriwa amayankha chilichonse, sasefa kanthu.

Amene akutikhudza ife makolo ndi ena, amene akafunsidwa dzina la tsamba loipa amakana kupereka nambala yake. Bungwe la Quad9, limene linayamba mu 2017 ndipo likulu lake lili ku Switzerland, lili ndi 9.9.9.9 ndi 149.112.112.112. Iwo amatseka masamba a akuba ndi ofalitsa mavairasi, koma za zolaula sakhudzako. Mu April 2020 Cloudflare inawonjezera manambala a mabanja: 1.1.1.2 ndi 1.0.0.2 amatseka masamba a mavairasi okha, pamene 1.1.1.3 ndi 1.0.0.3 amatsekanso masamba olaula. Akale pa ntchito imeneyi ndi a OpenDNS, amene kampani ya Cisco inawagula mu 2015, ndipo manambala awo a mabanja ndi 208.67.222.123 ndi 208.67.220.123.

Kuika manambalawa ndi ntchito ya mphindi khumi. Tembenuzani rauta yanu. Kumsana kwake, kapena pansi pa batire ngati ndi MiFi, kuli kapepala kolembedwa keyala yolowera. Kawirikawiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo timabokosi tambiri ta Huawei timagwiritsa ntchito 192.168.8.1. Foni yanu ili pa Wi-Fi ya m'nyumbamo, tsegulani Chrome n'kulemba nambala imeneyo pamene mumalemba dzina la tsamba. Mukalowa, funani mawu akuti DNS. Opanga marauta sagwirizana pa malo ake: ena amawaika pansi pa Internet kapena WAN, ena pansi pa DHCP, ena konsekonse. Za pa WAN zimauza rauta yeniyeniyo kumene izifunsa, pamene za pa DHCP ndi zimene rauta imauza foni iliyonse ikangolumikizidwa. Mukapeza malo onse awiri, lembani manambala omwewo konseko.

Musanasinthe kalikonse, lembani m'kope zimene mwapezamo, kapena jambulani ndi foni. Kenaka chotsani pa Automatic kuika pa Manual, lembani nambala yoyamba pa Primary DNS, yachiwiri pa Secondary DNS, dinani Save, ndipo zimitsani rauta n'kuyatsanso. Mafoni nawo muwachotse pa Wi-Fi n'kuwabwezeranso, chifukwa amasunga mayankho akale kwa kanthawi. Kuti mutsimikize, a Cloudflare anakonza tsamba loyesera lopanda choipa chilichonse, nudity.testcategory.com. Ngati mwaika manambala awo a mabanja ndipo tsambalo likukana kutseguka, ndiye kuti sefa yagwira.

Pa nambala yachiwiri ija ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo ifenso tinaphonyapo poyamba. Munthu amaganiza kuti yachiwiriyo imangodikira tsiku limene yoyamba yafa, choncho amaika 1.1.1.3 pamwamba ndi 8.8.8.8 pansi, kuti zinthu zisaime. Zoona zake n'zakuti makina ambiri amafunsa iliyonse mwa ziwirizo, nthawi zina imene yayankha msanga. Mukatero ndiye kuti mwakhoma chitseko ndi loko wamkulu koma zenera mwalisiya pululu. Manambala onse awiri ayenera kukhala osefa.

Nanga onse akhale a kampani imodzi? Pa 14 July 2025, cha pakati pa usiku nthawi ya kuno, manambala a Cloudflare anasiya kuyankha kwa mphindi 62 chifukwa cha kulakwitsa kwa m'kampani momwemo, ndipo yoyamba ndi yachiwiri zinagwera limodzi. Amene anadalira iwo okha anaona ngati intaneti yonse yafa. Chifukwa cha ichi, ife timakonda kuika 1.1.1.3 pamwamba ndi 208.67.222.123 pansi. Kuipa kwake n'kwakuti mindandanda ya makampani awiriwa siyofanana ndendende, kotero tsamba lina likhoza kutsekeka lero n'kutseguka mawa, ndipo tsamba loyesera lija silingakuuzeni zoona nthawi zonse. Yesani kaye ndi manambala a Cloudflare okha, mukakhutira musinthe yachiwiriyo. Wosafuna zovuta angosiya 1.1.1.3 ndi 1.0.0.3, palibe cholakwika.

Ngati rauta yanu ili ndi malo enanso olembedwa IPv6, amene ndi makeyala aatali a mtundu watsopano, musawasiye opanda kanthu pamene IPv6 ili yoyatsa, chifukwa mafoni akhoza kudzera kumeneko. Manambala a mabanja a Cloudflare a mtundu umenewu ndi 2606:4700:4700::1113 ndi 2606:4700:4700::1003.

Tinenenso kuti timabokosi tina togulidwa ku makampani a mafoni tilibe malo a DNS, anachita kuwabisa. Mukafunafuna osawapeza, si umbuli wanu. Pamenepo ntchito ichitikire pa foni. Mafoni a Android kuyambira Android 9, ya mu 2018, ali ndi malo otchedwa Private DNS mu Settings, pafupi ndi za netiweki. M'menemo simulemba nambala koma dzina ili: family.cloudflare-dns.com. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti imatsata foniyo kulikonse, kaya ili pa Wi-Fi kaya pa data ya simu khadi. Amene ali ndi Starlink, imene inafika m'Malawi mu 2023, apeza za DNS ndi za kusefa mu pulogalamu ya pa foni yoyendetsera rauta yawo.

Ukonde wa maso aakulu

Msodzi aliyense amadziwa kuti ukonde wa chambo sugwira usipa. Sefa ya DNS ndi ukonde wa maso aakulu, ndipo tingakhale tikukunamizani tikanena kuti mukaika manambalawa mugone tulo tofa nato. Iyo imaona dzina la tsamba lokha, siona za m'kati. Ikhoza kutseka tsamba lonse lolaula, koma kanema woipa wotumizidwa pa gulu la WhatsApp, kapena wopezeka pa TikTok ndi Facebook, amadutsa bwinobwino, popeza dzina limene foni yafunsa ndi la WhatsApp kapena TikTok. Zimene ana amagawana pa Bluetooth, kapena kukaikitsa m'memori khadi pamsika, sizidzera n'komwe pa rauta.

Mwana wochenjera ali ndi njira zake zozembera. Akhoza kuzimitsa Wi-Fi n'kugula kabandulo kake. Akhoza kuika pulogalamu ya VPN, imene imanyamula mafunso onse kukawafunsa kunja. Ngakhale Chrome ndi Firefox zili ndi malo osankhira DNS yawoyawo yobisika, njira imene inakhazikitsidwa mu 2018 pofuna kuteteza anthu kwa owazonda, koma imene imalambalalanso sefa ya kholo. Ndipo Private DNS imene mwaika pa foni, mwini foniyo akhoza kuichotsa m'kanthawi kochepa.

Nanga phindu lake lili pati? Ife tikuona kuti lili pa mwana wamng'ono amene sakufuna choipa chilichonse, koma wadina chithunzi chothwanima pofuna masewera kapena nyimbo, n'kupezeka ali pamene sanayembekezere. Lilinso pa agogo amene alandira uthenga wakuti apambana mphoto, nadina. Kwa otere, mthenga wokana uja ndi wokwanira nthawi zambiri. Kwa mnyamata wa Fomu 3 amene watsimikiza mtima kufunafuna, manambala sangamuletse. Ameneyo ndi wofunika kukhala naye pansi, ndipo ndi bwino kumuuza poyera kuti m'nyumba muno taika sefa ndi chifukwa chake, kusiyana n'kuti aitulukire yekha n'kuyamba kupikisana nanu.

Sefa imalakwitsanso mbali inayo. Nthawi zina imatseka tsamba labwino, monga la zaumoyo limene mwana wophunzira unamwino akulifuna. Zikatero musathamangire kunena kuti rauta yawonongeka. Tsegulani tsambalo pa foni yanu ndi data ya simu khadi muone ngati likutseguka.

Pali chinanso choti muchiyeze pa sikelo. Amene mwamusankha kukhala mthenga amaona mayina a masamba onse amene nyumba yanu ikufunsa. Mukachoka kwa kampani ya kuno kupita kwa ya ku America, mwangosintha womuuza, simunabise kwa onse. Cloudflare imanena kuti imafufuta zolembedwa zoterezi pasanathe maola 25, ndipo ife tilibe njira yokasuzumira m'makina awo, timangotenga mawu awo. Komanso musanyengedwe ndi anyamata amene amalipiritsa ponena kuti akaika DNS ina intaneti ithamanga kawiri kapena bandulo ichedwa kutha. Tsamba likhoza kuyamba kutseguka msangako pang'ono, koma kanema adya data yomweyo ndipo netiweki yofooka ikhala yofookabe.

Mawu ochepa kwa amene amayang'anira Wi-Fi ya pa sukulu, pa malo ogona alendo kapena pa sitolo. Ambiri mumagwiritsa ntchito marauta a MikroTik, a ku Latvia. Pa gawo la DNS pali kabokosi kolembedwa Allow Remote Requests, kamene mukakachonga rauta imayamba kuyankha mafunso a mayina. Ngati simunatseke khomo nambala 53 kumbali yoyang'ana kunja, rauta yanu iyamba kuyankha dziko lonse, ndipo achiwembu amagwiritsa ntchito makina otere pothira mulu wa mauthenga pa anthu ena. Ndi mmene linamenyedwera bungwe la Spamhaus mu March 2013. Data yodyedwa pa ntchito yoteroyo imakhala yanu. Uzani amene anakuikirani makinawo aone bwino mbali imeneyi.

Magetsi akazima kapena batire ikatha, manambala amene mwaika safufutika. Chimene chimawafufuta ndi kabowo kakang'ono kolembedwa Reset, kamene munthu akakabaya ndi waya kapena phini kwa kanthawi rauta imabwerera mmene inachokera kufakitale, pamodzi ndi mawu achinsinsi olembedwa pa kapepala kaja. Ana ena amakadziwa kabowo kameneka kuposa makolo awo. Chizindikiro chake n'chakuti dzina la Wi-Fi kapena mawu ake achinsinsi zabwerera ku zakale, ndiye ngati simunasinthepo dzina la Wi-Fi yanu, lisintheni kuti tsiku lotero mudzazindikire msanga. Kope lija munalembamo manambala lisungeni pamodzi ndi makadi a kusikelo ndi mapepala ena a m'nyumba, ndipo tsiku logula bandulo ya mwezi muzilowanso mu rauta n'kuona ngati manambala a pa DNS akadali omwe munaika.